Azakhali Ayankha: Photoshop ya pa Fulashi

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wokonda kujambula, ndipo anthu ayamba kundipatsa timaganyu tokonza makadi a ukwati ndi zithunzi za kwaya yathu. Laputopu ndili nayo, yogula kwa munthu. Photoshop yandikulira mtengo, koma mnzanga akuti andiikira yaulere ya pa fulashi. Ndivomere?

Wothedwa nzeru, Ndirande

Mwanawe,

Zithunzi za kwaya zokhazokha? Ine sindinabadwe dzulo. Pali kamtsikana kena koyimba alto kamene ukufuna kukachotsa ziphuphu pa chithunzi. Palibe mlandu, bola usakayeretse mpaka mayi ake omubereka amulonjere ngati mlendo.

Tiyambe ndi mnzakoyo. Ya pa fulashiyo si yaulere, ndi yakuba, ndipo amene anathyola loko wake sanachite zimenezo chifukwa chokukonda. Zoterezi kawirikawiri zimabwera ndi mavairasi, n'chifukwa chake poyika amayamba akuuza kuti uzimitse chitetezo cha kompyuta. Tsiku limene zithunzi za ukwati wa eni ake zidzasowe, ankhoswe sadzapita kwa mnzako. Adzagogoda pakhomo pako.

Nanga yeniyeniyo? Kuyambira 2013 a Adobe anasiya kutulutsa Photoshop yatsopano yoti ukagula ikhale yako mpaka kalekale. Pano ndi nyumba ya lendi: mwezi ukatha ulipire, ukalephera chitseko chitsekedwa. Lendi yakenso ndi ya ndalama zakunja, yolipira pa khadi la kubanki. Iwe amene dola unaiona komaliza mu filimu ya Nigeria!

Tsono ntchito yako ndi ziwiri, ngakhale waziika m'thumba limodzi. Pojambula chinthu chatsopano pa tsamba loyera, tenga Krita. Ndi yaulere mwalamulo, ndipo bungwe loiyang'anira, Krita Foundation, lili ku Netherlands. Inapangidwira anthu ojambula enieni: muli pensulo, inki, makala, penti wamadzi, maburashi oti udzatopa nawo kusankha. Chimene ndimaikondera ine n'chakuti imalola kugwira ntchito mu CMYK, mitundu imene makina osindikizira amagwiritsa ntchito. Ukakonza khadi mu mitundu ya pa sikirini yokha, diresi la mkwatibwi limene unaliona lowala likhoza kutuluka papepala litazilala, ndiye ukalongosole wekha kwa apongozi. Imasunganso ntchito yokha pakapita mphindi zingapo, zimene udzathokoze magetsi akadzathima batire la laputopu yakoyo litafa kale. Usanditsutse, ndikudziwa kuti linafa.

Pokonza zithunzi za kamera, monga kudula, kuwalitsa, kapena kuchotsa mwana wolowerera kumbuyo kwa akwati, pali GIMP. Anaiyamba ophunzira awiri a ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, mu 1995, ndiye uipatse ulemu, mwina ndi mkulu wako. Masiku oyamba idzakukwiyitsa chifukwa mabatani ake sali pomwe anzako a Photoshop amakuloza. Pirira sabata zingapo, manja azolowera. Tenga ya 3.0 imene inatuluka mu 2025 kapena yatsopano kuposa pamenepo.

Wina akakutumizira fayilo ya Photoshop (PSD), Photopea imatsegula pa intaneti pompo popanda kuika kanthu m'kompyuta, kungoti bandulo ndiye imalira. Affinity nayo, imene a Canva anaigula mu 2024, pano akuipereka ulere ukatsegula akaunti, koma ndikukayika ngati kalaputopu kako kangainyamule osatsokomola.

Zonsezi ukatsitse pa webusaiti ya eni ake, pamalo pomwe pali Wi-Fi, osati kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni.

Ndalama yaganyu imene wasunga (ngati sunaithere kale pa tchipisi) uike pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kathabwa kojambulira kokhala ndi cholembera chake, ka Wacom, Huion kapena XP-Pen. Kakang'ono kopanda sikirini kakukwanira. Cholemberacho chimamva kukanikiza kwa dzanja: ukatsindika mzere unenepa, ukapepuza uwonda, zimene mausi sangachite ngakhale utampempherera. Chachiwiri ndi RAM. Ngati ili 4GB, zithunzi zazikulu zidzakugonetsa pampando, ndiye ukweze ifike 8GB. Koma wokonza makompyuta ayambe watsegula n'kuona ngati malo oikapo alipo usanatulutse ndalama, chifukwa malaputopu ena RAM yake anaimatiratu.

Ndipo achibale nawonso azilipira makadi, ngakhale azakhali ako enieni a kwanu. Ine ndekha ndiye udzandikonzere ulere.

Ndine,
Azakhali