Za Ng'ombe Yodwala Chiberekero

Eni makola a ku Chikwawa ndi Nsanje, tamverani. Ng'ombe ikabala, nsengwa iyenera kutuluka asanathe maora 12. Ikatsalira m'kati imaola msanga ndi kutentha kwa chigwa chino. Ndipo mudzaona mafinya onunkha kunsi kwa mchira, mkaka nuchepa.

Mtengo wa nimu uli pakhomo panu. Tengani masamba ache odzaza manja awiri, muwawiritse m'madzi oyera. Madziwo atazizira musefe, ndi kutsuka nawo kumchira m'mawa ndi madzulo, kuti ntchentche zisaikirepo mphutsi. Kunja kokha! Ena amathira mizu yosinja m'chiberekero, ena amakoka nsengwa ndi mphamvu. Awa akulitsa bala lomwe ati achize. Masamba a chammwamba muipatse idye, ilimbe thupi.

Koma nimu safika kumene kuli nthendayo. Ng'ombe ikakana msipu, thupi nilitentha, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, pakuti yafuna jakisoni.

Nsengwa musaigwire ndi manja. Ikwirireni mozama, agalu angaifukule. Nthenda yochotsa bere ng'ombe imagwiranso anthu. Chifukwa chache mkaka muziwiritsa ana asanamwe.