Dzuwa likalusa, GPS imasochera bwanji pafupi ndi ikweta?

Tsiku lina m'kalasi ya Fomu 3 mnyamata wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mkuntho wa maginito umasasula madenga?" Anzake anaseka, koma funsolo linali labwino. Ayi, susasula denga ngakhale limodzi. Chisokonezo chake chimachitikira kumwamba, mu ionosphere.

Ionosphere ndi gawo la mlengalenga loyambira pa makilomita pafupifupi 60 kufika 1,000 kuchokera pansi. Kumeneko cheza cha dzuwa chimathothola maelekitironi ku maatomu a mpweya. Uthenga wa GPS wochokera ku masetilaiti omwe ali pa makilomita pafupifupi 20,000 umadutsa m'menemo, ndipo maelekitironi akachuluka umachedwa. Foni yanu imadziwa pamene muli powerengera nthawi imene uthengawo watenga. Ndiye ukachedwa, foni imaphonya malo.

Nthawi zina dzuwa limalavula chimtambo cha tizinthu tokhala ndi magetsi. Pakapita tsiku limodzi kapena atatu chimafika n'kugwedeza maginito a dziko lathu. Umenewo ndiye mkuntho wa maginito.

Nanga ikweta ikubwerapo bwanji? Tikunena ikweta ya maginito, osati ya pa mapu ija. Muno mu Africa imadutsa madigiri pafupifupi 10 kumpoto kwa inzakeyo, cha ku Nigeria ndi Ethiopia. Pamenepo mizere ya maginito imagona chopingasa. Masana mphamvu ya magetsi yoloza kum'mawa ikakumana ndi mizereyi, imakankhira maelekitironi m'mwamba, kenako amatsetsereka n'kukaunjikana mbali zonse ziwiri, madigiri pafupifupi 15 kumpoto ndi kum'mwera. Ganizirani payipi yobooka: madzi amathovokera m'mwamba n'kugwera uku ndi uku. Mulu wa kum'mwera umagwera cha ku Kenya ndi Tanzania. Si patali ndi ife eti?

Mkuntho ukabwera masana, magetsi ena amalowerera kuchokera kumalekezero a dziko, kukankha kuja kumakula, ndipo milu ija imasunthira kutali ndi ikweta. Dzuwa likangolowa pamabweranso vuto lina: mu ionosphere mumapangika mphako zokhala ndi maelekitironi ochepa. Uthenga ukadutsa m'mphakozi umaphethiraphethira ngati nyenyezi, mpaka makina a GPS kuutaya. Mkuntho ungathe kuyambitsa mphakozi kapena kuziletsa, malinga ndi ola limene wafika.

Pa 10 ndi 11 Meyi 2024 kunachitika mkuntho wamphamvu kuposa yonse kuchokera mu 2003. Alimi ena ku United States anaimika mathirakitala nthawi yodzala chifukwa GPS imawasocheretsa. Ndege, sitima zapamadzi ndi anthu oyeza malo amadaliranso uthenga womwewu.

Tsopano tulutsani makope. Uthenga wa GPS umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Ionosphere ikauchedwetsa ndi masekondi 0.0000001, mtunda wowerengedwawo uphonya ndi mamita angati? Mukapeza 30 mwakhoza. Kwa munthu woyeza malire a munda, mamita 30 ndi mlandu wa kwa amfumu.