Mantha a pakati sabisidwa kwa anamwino

Mwana wanga, amayi ako andinong'oneza kuti masiku ano tulo sukutiona. Sindikudabwa. Wakhala zaka 12 pabanja anthu akukunena pachitsime kuti ndiwe chumba. Kenako madokotala a ku Lusaka anatenga dzira la mayi wina, n'kuliphatikiza ndi mbewu ya amuna ako, n'kuliika m'chiberekero chako. Lero uli ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mtima uli m'mwamba.

Inenso mwana wanga woyamba ndinamudikira zaka zambiri. Pakati patabwera, ndinkamanga chitenje pamwamba kuti anthu asaone, poopa kuti andilodza. Kusikelo sindinapite. Mphete itayamba kuthina pachala ndi mutu kuwawa ngati akukhoma msomali, ndinangoti ndi dzuwa la kuchigwa kuno. Ndinakatsitsimukira pabedi la chipatala nditakomoka, atandinyamula pangolo usiku wonse. Mwana anapulumukira mpeni. Chimene chinatsala pang'ono kundipha chinali kubisa kwangako.

Tsono imva. Amayi akhala akubereka m'njira yakoyi kuyambira m'ma 1980, ana n'kukula bwinobwino. Koma pakati pa dzira la munthu wina pamakonda kubwera ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, makamaka kwa mayi wopitirira zaka 35 amene akubereka koyamba. N'chifukwa chake anamwino ayenera kudziwa zonse. Achibale ukhoza kuwauza pa nthawi imene wafuna wekha, koma kusikelo uulule lero lomwe, ndipo uwaonetse mapepala a ku Lusaka aja. Bungwe la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionedwa kosachepera kasanu ndi katatu. Iwe usajombe ngakhale kamodzi, ndipo ulendo uliwonse akuyeze BP. Mutu ukawawa kwambiri, m'maso mukachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, ukaona magazi, kapena mwana akasiya kugunda, usadikire kuti kuche.

Kwa Nyalugwe kuno ukudziwa wekha mmene mitsinje imadzazira dzinja, msewu n'kusanduka phala. Usadikire matenda kuyamba. Gwirizana ndi anamwino za kumene ukachirire, kaya ku Nyimba, kaya ku Kalindawalo ku Petauke, bola kukhale kumene angathe kuchita opareshoni ndi kuika magazi. Mwezi wachisanu ndi chinayi ukupeze uli kale kuchidikiro, zitenje, beseni ndi ufa zili pambali. A SMAG a m'mudzi mwanu, gulu lothandiza amayi oyembekezera, akuthandiza kukonza za ulendo. Akanena kuti uchira ndi mpeni, usaone ngati walephera. Ine chipsera ndili nacho mpaka lero, ndipo mwana wake ndi amene amandilimira munda.

Wina akakubweretsera mwanamphepo kuti mwana atuluke msanga, ukane ngakhale atakhala apongozi; mankhwala amenewo amang'amba chiberekero. Ndipo kubereka kukachedwa, asakuopseze kuti uulule chinsinsi ngati kuti ndicho chachedwetsa mwana. Mwana amachedwa chifukwa cha mmene wagonera, njira yochepa kapena chiberekero kufooka.

Tsono funso limene umadzifunsa usiku, loti kodi mwanayu adzakhala wakodi. Amene akumudyetsa panopa ndi thupi lako, ndipo bere limene adzayamwe ndi lako. Nkhope angafanane ndi wina, koma polira adzaitana iwe.

Uwauze amuna ako za manthawa, ndipo ulendo wotsatira wa kusikelo mupitire limodzi. Mwezi wako ukakwana unditumire uthenga, ndidzakakhala nawe kuchidikiro.