Kodi Ndani Amagogoda Usiku?

1, 2. (a) Kodi nchiyani chimene chinachitika ku Hydesville mu 1848? (b) Kodi nkhaniyo inafalikira motani?

USIKU wa pa March 31, 1848, banja la a Fox, lokhala m'kanyumba kamatabwa m'mudzi wa Hydesville, m'boma la New York, ku United States, linaitana anansi kuti adzadzimvere okha chodabwitsa. Kwa masiku angapo m'nyumbamo munali kumveka kugogoda kosadziŵika kumene kunali kuchokera, ndipo tsopano kugogodako kunayamba kuyankha mafunso. Pamene mayi wa m'nyumbamo anafunsa zaka za ana ake, iko kunaŵerenga mosaphonya. Posapita nthaŵi kunamveka kuti wogogodayo anali mzimu wa wamalonda wina woyendayenda amene anaphedwa ndi kukwiriridwa kunsi kwa nyumbayo. Chachilendo chinali chakuti phokosolo linali kutsatira ana aŵiri aakazi a m'banjamo, Margaret wazaka 14 ndi Kate wazaka 11.

2 Mkulu wawo, Leah, anawatengera kumzinda wa Rochester, ndipo mu November 1849 anthu analipira ndalama kuti aloŵe mu Corinthian Hall kukamva akufa akugogoda. M'zaka zoŵerengeka chabe, obwebweta anabuka m'mizinda yambiri ya ku America ndi ku Ulaya, akumasonkhanitsa ofedwa m'zipinda zamdima. Mu 1851 madokotala atatu a ku Buffalo anapenda Margaret ndi Leah nanena kuti phokosolo linali kutuluka m'mfundo za miyendo yawo. Koma ndi oŵerengeka okha amene anafuna kumva zimenezo.

3, 4. Kodi Margaret Fox anaulula chiyani, ndipo kodi nchifukwa ninji kuululako sikunathetse chikhulupirirocho?

3 Panapita zaka 40. Pa October 21, 1888, Margaret anaima pamaso pa anthu pafupifupi 2,000 m'holo ya Academy of Music mumzinda wa New York, Kate ali pomwepo. Iye anavula nsapato, naika phazi pakampando kamatabwa, ndi kuthyola chala chake chachikulu monga momwe ena amathyolera zala zakumanja. Kugogodako kunamveka m'holo monsemo. Iye anafotokoza kuti zonsezo zinayamba monga maseŵera oopseza amayi awo: iwo anali kumangirira chipatso cha apulo kuchingwe ndi kumachigunditsa pansi usiku. Anansi atakhamukira kunyumbako, anawo anaopa kuulula.

4 Kodi chikhulupirirocho chinatheratu pamenepo? Kutalitali! Chaka chotsatira Margaret, amene panthaŵiyo anali mmphaŵi ndiponso kapolo wa moŵa, anabweza mawu akewo, ndipo okhulupirira anagwiritsitsa kubwezako naiŵala chala chija. Kate anamwalira mu 1892 ndipo Margaret mu 1893, onse aŵiri ali osauka. Nkhondo Yadziko I itasiya mabanja mamiliyoni ambiri akulira ana awo, malonda a obwebweta anakoleranso. Kaŵirikaŵiri munthu wosweka mtima sapempha umboni wochuluka, ndipo onyenga amadziŵa bwino zimenezo.

5. Kodi nchiyani chimene chinachitikira Arthur Conan Doyle ku Nairobi?

5 Ngakhale anthu ophunzira kwambiri anakoledwa. Arthur Conan Doyle, dokotala ndiponso wolemba mabuku wotchuka wa ku Britain, anayendera South Africa, Rhodesia, ndi Kenya mu 1928 ndi 1929 akumakamba nkhani zochirikiza kulankhula ndi akufa ndi kusonyeza zithunzithunzi za mizukwa. Ku Nairobi, pamene anasonyeza chimodzi cha zithunzizo, mwamuna wina m'gululo anaimirira nanena kuti mzukwawo anali iyeyo. Iye anali atadziveka zovala za mzukwa ndi kujambulitsa ku England zaka zambiri kumbuyoko, akumangoseŵera!

Pamene Thupi Linyenga Mwini Wake

6, 7. (a) Kodi onse osimba za mizukwa ali abodza? (b) Kodi nchiyani chimachititsa munthu kumva ngati wapanikizidwa pakama?

6 Komabe, kungakhale kupanda chilungamo kutcha aliyense wosimba za mzukwa kukhala wabodza. Ophunzira a Yesu anali amuna oona mtima, ndipo ena a iwo anali asodzi ozoloŵera nyanja usiku. Chikhalirechobe, ataona munthu akuyenda pamadzi mumdima, iwo anafuula ndi mantha poyesa kuti unali mzukwa. (Marko 6:48-50) Iwo anaonadi kanthu kena. Chimene anaphonya chinali kumasulira kwake. Zili motero ndi ambiri lerolino.

7 Talingalirani za munthu amene agalamuka pakati pa usiku napeza kuti satha kugwedeza dzanja kapena kufuula, pachifuwa pakulemera, ndipo kumiyendo kwa kama kwaima chinthu chakuda bii. Anthu a ku Newfoundland, ku Canada, amati nkhalamba yaikazi yamkhalira. Atchaina amati mzukwa wampanikiza, ndipo m'midzi yambiri ya mu Afirika mlanduwo umagwera mfiti. Madokotala amadziŵa chochititsa chake. Pamene munthu akulota, ubongo umatsekereza minofu kuti iye asachite zimene akulotazo. Nthaŵi zina maganizo amagalamuka minofuyo isanamasuke, ndipo zotsala za lotolo zimaoneka ngati zili m'chipindamo. Zimenezi zimatha patapita timphindi toŵerengeka. Ofufuza apeza kuti pafupifupi anthu 8 mwa 100 alionse zinawachitikirapo, makamaka osoŵa tulo, ankhaŵa, ndi ogona chagada.

8-10. (a) Kodi nchiyani chimene chinali kuvutitsa banja lina mu 1912? (b) Kodi nchifukwa ninji ootha mbaula afunikira kudziŵa zimenezi?

8 Pali mzukwa wina umene umaphadi. Mu 1921 William Wilmer, dokotala wa maso wa ku United States, anafalitsa nkhani ya banja lina limene linasamukira m'nyumba yaikulu yakale chakumapeto kwa 1912. Usiku iwo anali kumva mapazi a anthu m'zipinda zopanda munthu ndi kulira kwa mabelu osaoneka. Anali kumva ngati winawake akuwatsindika pakama, ndipo mkazi wina wa m'nyumbamo anaona anthu achilendo atakhala kumiyendo kwa kama wake. Ana anafooka, akulu anadwala mutu, ndipo maluŵa a m'miphika anafota. Potsirizira pake mbale wawo wina anaganiza kuti mwinamwake iwo anali kupuma poizoni. Atapenda ng'anjo yofunditsira nyumbayo, anapeza kuti inali yowonongeka, kotero kuti utsi wake unali kuloŵa m'zipinda m'malo mwa kutulukira kunja. Ng'anjoyo itakonzedwa, mizukwayo sinabwerenso.

9 Poizoniyo anali mpweya wotchedwa carbon monoxide. Iwo ulibe fungo kapena maonekedwe, ndipo umatuluka pamene makala, nkhuni, palafini, kapena petulo zikuyaka pamalo opanda mphepo yokwanira. Mwazi umaugwira mwamphamvu kuŵirikiza nthaŵi zoposa 200 kuposa mmene umagwirira mpweya wabwino, chotero ubongo umayamba kusoŵa chouchirikiza. Choyamba munthu amamva mutu, chizungulire, ndi mseru. Ndiyeno amasokonezeka maganizo, amawodzera, ndipo angafe ali mtulo.

10 Nkhaniyi ili yapafupi kwa mabanja amene m'miyezi yozizira ya June ndi July amaloŵetsa mbaula ya makala m'nyumba ndi kutseka zitseko ndi mazenera. Ngati onse a m'nyumba adzuka ndi mutu, akumasimba za zoopsa za usiku, ndipo apeza bwino atatuluka panja, chofunika mwamsanga ndicho kutulutsa mbaulayo, kutsegula mazenera, ndi kuthamangira kuchipatala ndi aliyense wofooka. Banja limene liyamba ndi kufunafuna wowalodza lingataye usiku umene ukanapulumutsa mwana.

11. Kodi mantha a zinthu zosaoneka avulaza motani anthu osalakwa?

11 Ndipo kufunafuna wolodzako kumakhala ndi ngozi yakeyake. Mu 2017 mphekesera za anamapopa, onenedwa kuti amapopa mwazi wa anthu usiku mwamatsenga, zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, ndi maboma ena a kummwera kwa Malaŵi. Magulu aukali anapha anthu angapo ongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena kwa kanthaŵi. Miyambo 14:15 imasiyanitsa munthu wovomereza mawu alionse ndi wochenjera amene amasamalira mayendedwe ake. Mkristu amene abwereza mphekesera yotero, ngakhale pongocheza, amaika nkhuni pamoto umene ungatenthe mnansi wake.

Zimene Malemba Amanena

12, 13. (a) Kodi Baibulo limanenanji ponena za akufa? (b) Kodi nkhani ya Sauli ku Endori imasonyezanji?

12 Bwanji ponena za zochitika zimene chinyengo, tulo, kapena utsi sizingafotokoze? Baibulo limatseka khomo limodzi kotheratu. Limaphunzitsa kuti akufa sazindikira kanthu, kuti chikondi chawo ndi udani wawo zinatha, ndi kuti maganizo a munthu amalekeka patsiku la imfa yake. (Salmo 146:4, Mlaliki 9:5, 6, 10) Malinga ndi chiphunzitso chimenechi, agogo amene anaikidwa m'manda sangakwiye chifukwa cha mwambo wosachitidwa, ndiponso sangagogode pachitseko.

13 Komano Baibulo limanenanso za mizimu yoipa, imene siinakhalepo anthu, ndipo limachenjeza kuti iyo ikhoza kudzisanduliza kuti inyenge. (2 Akorinto 11:14, Aefeso 6:12) Nchifukwa chake Chilamulo cha Mose chinaletsa kufunsira kwa obwebweta ndi kwa akufa. (Deuteronomo 18:10-12) Mfumu Sauli anaswa lamulolo pamene anadzibisa napita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori kuti amuukitsire mneneri Samueli. Taonani kuti Sauli anachita kufunsa mkaziyo zimene anali kuona. Mkaziyo anatchula nkhalamba yovala mwinjiro, ndipo Sauli, amene anabwera akufuna Samueli, anagamula yekha kuti analidi iyeyo. (1 Samueli 28:7-14) Ndiponso, kodi Yehova, amene anali atakana kuyankha Sauli kupyolera mwa aneneri amoyo, akanamyankha kupyolera m'njira imene iye mwini anailetsa? Ulendowo unaŵerengeredwa pakati pa zolakwa zimene Sauli anafera.—1 Mbiri 10:13.

14. Kodi okhulupirira a ku Efeso anapereka chitsanzo chotani?

14 Chotero, kaya wobwebweta akuthyola chala chake kunsi kwa thebulo kapena akuchita ndi mphamvu yoipa, Mkristu alibe chifukwa cha kupitira kwa iye. Amene anakhala okhulupirira ku Efeso sanayambe apenda kuti ndi mabuku ati amatsenga amene anali amphamvu ndi amene anali achinyengo. Iwo anawatentha onse poyera, ngakhale kuti mtengo wake unali ndalama zasiliva 50,000.—Machitidwe 19:18, 19.

Mkazi Wamasiye Amene Amva Liwu la Mwamuna Wake

15, 16. (a) Kodi dokotala wina wa ku Wales anapezanji? (b) Kodi ofedwa otero angathandizidwe motani?

15 Patsala mtundu wina umene umafuna kukoma mtima kwapadera. Mu 1971 W. Dewi Rees, dokotala wa ku Wales, anafalitsa zimene anapeza atafunsa amuna ndi akazi amasiye 293 a m'dera lake. Pafupifupi theka la iwo ananena kuti panthaŵi ina anamva ngati mnzawo wamuukwati womwalirayo anali pafupi, ndipo ena anamuona kapena kumva liwu lake. Zimenezi zinali zofala kwambiri mwa awo amene ukwati wawo unali wachimwemwe. Ambiri anali asanauzepo munthu aliyense, ena poopa kusekedwa. Khutu limene lamva kutsokomola kwa munthu mmodzimodziyo pakhomo kwa zaka 40 silileka mwamsanga kukuyembekezera.

16 Mlongo wachikulire amene aulula zotero kwa akulu a mpingo safunikira kufunsidwa ngati wopalamula, kapena kuuzidwa mwamsangamsanga kuti ziŵanda zamloŵera m'nyumba. Mwinamwake achibale ayamba kale kumkakamiza kuchita mwambo wogoneka mzimuwo, ndipo iye ali ndi mantha. Akulu achifundo adzamvetsera nkhani yonseyo. Adzafunsa ngati akugona bwino, ngati akudya, ngati ali ndi womchezetsa madzulo, ndi mmene amafunditsira chipinda chake. Ngati zochitikazo zikumsautsa kapena zikuwonjezereka, angamlimbikitse kuonana ndi dokotala. Ndiyeno angaŵerenge naye Yohane chaputala 11, pamene Yesu anayerekezera imfa ya Lazaro ndi tulo, analira pamodzi ndi Mariya, napempha kuti amsonyeze kumene anamuika.