Phunziro: Liwiro la Kachipangizo Koyezera Motoka

Nthawi yokolola ikafika, motoka ya mlimi siyenera kugona. Soya ndi nshawa zimadikira kupita kumsika, ndipo nyali ya injini ikayaka, ambiri a ife timayamba kuganiza za ulendo wa ku Chipata, makilomita pafupifupi 180 kuchokera pa boma la Lundazi. Chifukwa cha ichi, ophunzira athu ena akale agula kachipangizo kotchipa ka ELM327, kamene amakalowetsa pa soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD-II, pansi pa chiwongolero. Funso limene amabwera nalo ndi ili: tikakweza liwiro lake, kodi kadzawerenga motoka msanga?

Mapaipi awiri

Tiganize za dimba. Madzi amachoka m'chitsime kulowa m'thanki, kenako amachoka m'thanki kupita ku mabedi. Kachipangizoka ndiko thanki. Paipi yoyamba ndi njira yochokera ku kompyuta ya motoka. Liwiro lake anaika ndi opanga motokayo: motoka zakale za K-line zimatumiza mabiti 10,400 pa sekondi, zatsopano za CAN nthawi zambiri 500,000. Ife sitingalisinthe.

Paipi yachiwiri ndi njira yopita ku laputopu kapena foni. Kachipangizo kambiri kamabwera pa 38,400, kapena pa 9,600. Iyi yokha ndiyo timakulitsa. Pa motoka ya K-line kukulitsako sikuthandiza kwenikweni, pakuti chitsimecho n'chochepa kale. Pa motoka ya CAN, tikamamvera uthenga wonse woyenda m'mawaya, thanki imadzaza ndipo pa sikirini pamalembedwa kuti BUFFER FULL. Apo ndi pamene liwiro lalikulu lili ndi ntchito. Pongowerenga manambala a zolakwika, 38,400 ndi yokwanira.

Mmene kusinthako kumachitikira

Lamulo lake ndi AT BRD, lotsatiridwa ndi nambala yogawira 4,000,000. Nambalayo imalembedwa mu hex: 23 imatanthauza 35, ndipo imapereka pafupifupi 115,200, 08 imapereka 500,000. Kachipangizo kamayankha OK, n'kusamukira pa liwiro latsopano, n'kutchula dzina lake, kenako kamadikira yankho kwa kamphindi kochepa kwambiri. Laputopu ikapanda kuyankha, kamabwerera pa liwiro lakale. Motero palibe chimene chawonongeka. Mapulogalamu ambiri amachita okha zonsezi.

Pali njira ina, ya AT PP 0C, imene imakhazikitsa liwirolo mpaka kalekale, ngakhale titazimitsa. Iyi ndiyo yoopsa. Pa kachipangizo ka Bluetooth, mbali ya wailesi ili ndi liwiro lakelake. Tikasintha mbali imodzi, ziwirizo zimaleka kumvana ndipo foni siyankhidwanso. Wophunzira wathu wina anataya kake motero, chimanga chili kale m'matumba.

Zoyenera kuchita

Choyamba, tichepetse zilembo zopanda ntchito: AT E0 imaletsa kubwereza zimene talemba, AT S0 imachotsa mipata. Chachiwiri, tiyese liwiro lalikulu pa kachipangizo ka waya wa USB kokha, ndipo tiyese ndi AT BRD. Chachitatu, tisakhulupirire chizindikiro cha pa chikuto. Kampani ya Elm Electronics ya ku Canada sinatulutse v1.5, koma zokopera zambiri zimalembedwa choncho, ndipo zina sizimvera malamulo onsewa.

Tikumbukirenso kuti mathirakitala ndi malole ambiri amakono amalankhula J1939, kawirikawiri pa 250,000, ndipo soketi yawo ndi ina. Thirakitala yakale yopanda kompyuta imayezedwa ndi khutu, maso ndi sipanala.

Mafunso okambirana

1. Ndi paipi iti imene AT BRD imakulitsa?
2. N'chifukwa chiyani kukweza liwiro sikufulumiza motoka ya K-line?
3. Mnzathu akafuna kugwiritsa ntchito AT PP 0C pa kachipangizo ka Bluetooth, timulangiza chiyani?