Kachewere wa pa Pepala

Aliyense wodutsa pa Bembeke, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, amaona ndowa za kachewere, tomato ndi kabichi zitandandalikidwa, magalimoto akuima motsatizana. Ogwira ntchito m'tauni ambiri amachoka pamenepo akuwerengera phindu mumtima.

Mnyamata wina wa kuderali anali wowerengera ndalama pa kampani ina ku Lilongwe. Malipiro ankabwera mwezi ndi mwezi, penshoni inkasonkhedwa, akadwala kampani inkalipira. Koma kulembedwa ntchito kunamukwana. Mu 2023 anatsanzika, nabwerera kumudzi ndi ndalama zonse zimene anasunga. Cholinga chake chinali kulima kachewere wambiri, kugula wina kwa alimi, n'kumagulitsa kwa anyamata a chiwaya ndi mahotela a ku Lilongwe, maoda akubwera pa WhatsApp, ndalama zikulowa pa Airtel Money.

Malume ake, amene anakalambira m'munda wa kachewere, anamuitanira pambali. "Mphwanga, bwanji uyambe ndi theka la ekala ntchito ili m'manja? Uone kaye chaka chimodzi."

"Malume, zonse ndawerengera pa kompyuta. Sizingalephereke," anayankha motero.

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Feteleza, mankhwala ndi mtengo wonyamulira katundu zinakwera nthawi imodzi, ndalama yake n'kuchepa mphamvu asanabzale n'komwe. Pofuna kupulumutsako pang'ono, anagula mbewu yotchipa ya pamsika, osadziwa munda umene inachokera. Mizere ina inayamba kufota isanachite maluwa. Mvula itakhazikika mu Januwale, chinyezi ndi kuzizira kwa kumapiri zinabweretsa chiwawu, matenda amene amapsereza masamba m'masiku ochepa ngati mlimi sapopera mankhwala pa nthawi yake. Iye anali ku Lilongwe kusaka makasitomala, munda atausiyira aganyu.

Kachewere wotsalayo anamukumba nthawi imene aliyense amakumba, ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano komwe. Kachewere anachuluka, mavenda n'kumatchula okha mtengo. Hotela imene inatenga katundu inati idzalipira pakutha kwa mwezi, pomwe aganyu ndi mwini lole ankafuna zawo tsiku lomwelo. Kachewere wokumbidwa m'dothi lonyowa sachedwa kuwola, choncho sakanamusunga kudikira mtengo wabwino. Analowa katapila, ndipo katapilayo anadya galimoto yake. Lero akulemba makalata ofunsira ntchito, mpando wake uja anakhalapo wina.

Kuyamba bizinesi si kulakwa. Makampani ndi boma sangalembe achinyamata onse omaliza sukulu, ndipo alipo anthu ku Bembeke amene amanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana ndi kachewere yemweyu. Chimene chinamupweteka mnyamatayu n'kutaya malipiro, chinthu chokhacho chimene chikanamunyamula chaka choyamba chitavuta, komanso kupeputsa munthu amene anadziwa mundawo kuposa kompyuta. Akuluakulu anati fulumira adadya gaga.

Inu amene kalata yosiyira ntchito ili kale m'chikwama, dzifunseni mafunso atatu. Kodi bizinesiyo mwaiyendetsa nokha chaka chathunthu, kuyambira kubzala mpaka kulandira ndalama? Kodi wogula wanu amalipira liti? Nanga zokolola zitawonongeka, banja lidya chiyani mpaka chaka chinacho? Ngati limodzi mwa mafunsowa likukusowetsani yankho, kalatayo isungeni kaye, mubzale theka la ekala.