Azakhali, kankhani kandilanda tulo

Zikomo Azakhali,

Chibwenzi changa, mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, anandipatsa kankhani kotchedwa The Lottery kuti ndiwerenge. Mulibe mfiti, mulibe mzukwa. Ndi anthu a m'mudzi chabe amene amachita mayere chaka ndi chaka, ndipo amene mayere amugwera amamugenda mpaka kufa. Chiwerengereni sindikugona, koma iye akungoseka, ati ndi nkhani yokoma. Kodi munthu wokonda zoterezi n'kumanga naye banja?

Ine Wamantha, Balaka

Wamantha mwana wanga,

Anzako akulira kuti zibwenzi zawo sizikuwagulira mayunitsi, iwe ukulira chifukwa chakupatsa chowerenga! Koma pukuta misozi, wachedwa nawo manthawo. Shirley Jackson, mlembi wa ku Amereka, atatulutsa nkhaniyi mu magazini ya The New Yorker mu 1948, analandira makalata oposa 300, ambiri omunyoza. Ena anasiya kugula magaziniyo. Mayi ake enieni anamulembera kuti iwo ndi bambo ake sanaikonde. Ndiye panali ena, amene ine ndimawaopa kuposa nkhaniyo, ofunsa kuti mayerewa amachitikira kuti, n'cholinga choti akaonerere. Ngati mphunzitsi wakoyo wafunsa funso limeneli, thawa lero lomwe, nsapato uzitenge m'manja.

Chakusowetsa tulo ndikuchidziwa. Mfiti ya m'nthano siivuta, ukatseka buku imatsala momwemo. Koma muja mayi Tessie Hutchinson afika mochedwa akuseka ndi anzawo, ati amatsuka mbale, dzuwa likuwala bwinobwino, ana akutolera miyala ngati masewera. Owagenda ndi anansi awo, ndipo kamwana kawo komwe akukapatsa timiyala. Palibe amene wakwiya. Onse akungofuna kumaliza msanga kuti akadye nkhomaliro, poti mwambo ndi mwambo. Jackson sakukuuza chifukwa chake, wakusiyira kuti uzitafune wekha usiku.

Ndipo usanamizire Amereka okha. Unali wamkulu kale mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo agogo onamiziridwa ufiti akumenyedwabe ndi adzukulu awo omwe. Mtima wako wazindikira nkhope za m'mudzi muja, n'chifukwa chake ukugunda.

Za banja, kuwerenga zoopsa si umboni wa nkhanza. Ndaona amuna osatsegula buku chimalizireni Fomu 4, koma akazi awo amagona nsapato zili kuphazi. Yang'ana mmene amalankhulira ndi mayi ake, ndiponso ngati amasiya kuseka ukamuuza kuti waopadi.

Tsono m'bwezere. Kafunefune The Yellow Wallpaper ya Charlotte Perkins Gilman, ya mu 1892, yonena za mkazi amene mwamuna wake, dokotala, anamusunga m'chipinda ati apumule, namuletsa kulemba, mpaka mutu unasokonekera. Umupatse awerenge mokweza iwe uli pomwepo, kenako umufunse kuti wolakwa ndani. Akati mkaziyo, undilemberenso msanga, ankhoswe asanadye nkhuku.

Ndine Azakhali ako